Agogo Ananong'ona Kamera Ikuona

"Andichotsa mumpikisano, agogo. Akuti ndabera."

Mdzukulu wawo wamkazi ananena osatembenuka, maso ali pakompyuta pomwe anali atangopambana masewera omaliza a tchesi. Agogo anaima pakhomo la chipinda, chopukutira mbale chili m'manja.

"Wabera chiyani, mwana iwe? Ndinakuchenjeza ine, anthu osaoneka nkhope sasewera nawo!"

"Kamera iyi imaona chipinda chonse. Woweruza wakuonani mukundinong'oneza. Akuti mumandiuza poyendetsa hatchi."

Agogo anakumbukira. Masewerawo ali m'kati analowadi, monyang'ama, poopa kusokoneza. Kunja mabingu ankagunda, ndiye anawerama n'kumuuza kukhutu kuti azimitse chimakinacho, mphenzi imakonda mawaya. Basi, zomwezo. Chonsecho mwanayu anatha miyezi itatu akukonzekera, kudya ankadya choimirira.

"Aitane anthuwo ndiwauze ndekha. Ine hatchiyo ndi mfumuyo ndimazisiyanitsa? Dzina langa lomwe ndimachita kudinda chala!"

"Atseka kale nkhaniyo, agogo."

Chenjezo lina linafika pamilomo pa agogo, loti misozi isadonthere pamakinawo, magetsi angamugwire. Analimeza, n'kukoka chitseko pang'onopang'ono.