Dalaivala Amene Anatigamulira

Lero akwanitsa masabata atatu bambo Kachingwe ali pakhomo pathu. Ndi amene anagunda amuna anga, a Likongwe, ali pa njinga yawo ya kabaza. Makina oweruza milandu ya pamsewu sanachedwe: wa galimoto akagunda wa njinga, azikagwira ntchito za wovulalayo mpaka kanyale kamene achipatala amaika pa chikhakha katasanduka kobiriwira, kusonyeza kuti wachira. Ka pa mwendo wa amuna anga kakadali kofiira.

Bambowa khasu sadziwa kugwira. Mizere yawo imachita kukhotakhota, ndipo akaweruka ndimabwerezanso ndekha. Njinga anayesa tsiku limodzi lokha, n'kukagwera m'ngalande ndi thumba la mbatata la eni ake.

Komabe munthu wogona pakhomo pako ndi mlendo. Madzi osamba ndimawatenthetsera. Mkeka watsopano ndi wawo, ife tili pa wong'ambika. Nkhuku zinalipo zisanu, zatsala ziwiri.

Dzulo ndinauza amuna anga kuti, "Bambo a Tadala, mlendoyu azidya chisoso ngati ife."

"Anthu atiseka," anayankha iwo, mwendo uli pa mpando. "Azidzati kwa Likongwe mlendo amadya masamba."

M'mawa uno bambo Kachingwe anandipeza kumunda ndikuwongola mizere yawo. Anandionetsa matuza m'manja.

"Mayi, chilangochi chandikulira," anatero.

Ndinatsamira khasu n'kuwayang'ana. Masaya ayamba kutuluka, khungu lasalala kuposa mmene anabwerera.

"Chakukulirani inuyo?" ndinafunsa. Kenako ndinapitiriza kulima. "Pitani mukasambe, bambo. Madzi azizira."