Foni ya Baba

Ndinatenthetsa msomali pamakala, n'kulumikiza kawaya komaliza m'foni ya malemu baba. Wokonza mafoni ku Hauna anati tingoitaya. Ndinkaopa kuti ndikaphonya, mawu a baba ojambulidwa m'menemo apita onse.

Inayaka.

Amayi anaima pakhomo, dengu la tiyi likadali kumsana. "Tsegula uthenga womalizawo, Primrose."

M'fonimo baba, Mmanyika wolankhula Chishona, ankayesa chiNyanja cha amayi, akutsokomola: "Mai Primrose, ndimakudani kwambiri."

Ndinayang'ana pansi. Amayi anaseka mpaka misozi.

"Zaka makumi awiri ndikumuuza munthuyu! Kuda n'kukonda m'Chishona chakecho, m'chiNyanja chathu n'chidani. Wapita osamva."

Anatula dengu, n'kukhala pambali panga.

"Bwerezanso, andidenso."