Telala Amene Anadzilemba Choko Pachikhatho

Panali mayi wina telala, waluso ndithu, koma pakamwa pake panali moto. Pachikhatho chake chakumanja, m'munsi mwa chala chachikulu, panatuluka kachotupa kolimba ngati batani, kosawawa.

Mlamu wake, amene ankasita zovala mushopu ya telalayo, anamukakamiza kupita kuchipatala. Dokotala atayeza anati, "Mayi, si khansa ayi. Koma kamera mozungulira mtsempha woyendetsa chala. Tidzakachotsa ife mosamala, kenako dzanja lipume milungu isanu ndi umodzi. Wina aliyense asakakhudze ndi mpeni."

Telala anatuluka akutukwana. Apume bwanji, madiresi a ukwati ali mbwee patebulo?

"Mlamu, mverani adokotala," anatero wosita uja.

"Inu yanu ndi ayironi. Udokotala munaphunzira liti? Mukungofuna ndigone kuti mukhale pa makina anga."

Tsiku lomwelo kunabwera bambo wina wachilendo kudzafupikitsa thalauza. Ataona chikhathocho anaseka. "Aka? Ine ndimachotsa njerewere tsiku ndi tsiku. Mphindi khumi basi, mawa mukusoka."

Telala anatenga choko cholembera nsalu n'kudzilemba mzere pachikhatho. Chiyambireni ntchito anali asanalakwitsepo podula nsalu, ndiye ankayesa dzanja n'chimodzimodzi. "Dulani apa, musapitirire." Mlamu atayesa kuletsa, telala anamukankhira panja n'kutseka chitseko.

Bamboyo anadula motsata choko ndendende. Kachotupa kanachoka theka, mtsempha unaduka. Ataona magazi anati akukagula bandeji. Thalauza lake likadali mushopumo mpaka lero.

Madokotala anayesetsa kusoka, koma chalacho chinauma, sichipindika. Akagwira sizasi imapulumuka, singano imagwa. Ndipo kachotupa kaja kanameranso pomwepo.

Eni madiresi atabwera akulalata, amene anawamalizira madiresiwo anali mlamu uja, pa makina omwewo. Telala ankangoyang'ana, mtima ukuwawa.

M'mawa wina batani la pakhosi linamukanika telala kumanga. Analimbana nalo mpaka thukuta, kenako ananena chapansipansi, "Mlamu, ndimangeniko ili."

Mlamu sanatukule n'komwe mutu pa makinapo. "Ine yanga ndi ayironi."

Phunziro: Chotupa chosawawa sindiye kuti n'choseweretsa, ndipo kudziwa ntchito yako si kudziwa zonse. Mverani adokotala, wodutsa m'njira asakuduleni, komanso musamanyoze wokuchenjezani. Tumizani nkhaniyi kwa m'bale wanu wamakani uja, mukumudziwa.