Nkhadze Pamadzi

Singano ya Anesi inaima m'tsamba la fodya.

Wailesi yopachika pamkangala m'chigafamo inali itangomaliza nkhani ya makuponi a feteleza. Tsopano inkanena kuti dziko la Tanzania likufuna malire adutse pakati pa nyanja, pomwe Malawi akuti nyanjayo ndi yake mpaka kugombe la tsidya, ndipo mwina mlanduwo ukathera kukhoti la kunja.

Amake Chiyamiko, tenanti mnzake wa ku Dedza amene nyanja sanaionepo, anaseka. "Malire pamadzi? Nanga nkhadze akaibzala pati, anthuni?"

Anesi sanaseke. Mphepo inadutsa m'munda wa esiteti, fodya wosathyola n'kumawerama mzere ndi mzere mpaka kuloza ku Lisasadzi. Iye anaona mafunde. Anaona bwato la amuna ake, bambo ake Chancy, likuchoka pagombe ku Karonga, likunka lichepa, lichepa, mpaka pakati penipeni pamene linasowera chaka chija. Mtembo sunapezeke. Kumanda anakaikako thunthu la nthochi atalikulunga m'nsalu yoyera.

Fungo la fodya wonyala linamufikira ngati la ukonde wonyowa, ndipo pansi pa chigafapo panayamba kuyendayenda ngati wakhala m'bwato.

"Mwatani kodi, asisi? Sokani, akapitawo ali panjira," anatero Amake Chiyamiko.

Anesi anatembenuka pang'onopang'ono ngati munthu woti wadzutsidwa pakati pa maloto.

"Zaka zonsezi ndimadzitonthoza kuti agona kwawo," anatero chapansipansi. "Nanga akadula pakatipo, bambo ake Chancy agwera mbali iti?"