Mayi Amene Sanalire

Dokotala wachitsikanayo anaika mipando iwiri moyang'anizana pakati pa chipinda cha misonkhano cha pachipatala. Kutsogolo kunakhala akuluakulu a komiti, ndipo pakati pawo panali mkulu wa wodi ya ana, yemwe ophunzira ankamutchula mwamseri kuti Mphenzi.

Pempho la dokotala wachitsikanayo linali limodzi. Madokotala ophunzira ukatswiri amaphunzitsidwa kusoka bala ndi kupeza mtsempha wa khanda, koma palibe amawaphunzitsa kuuza mayi kuti mwana wake watisiya. Aliyense amaphunzirira pa mayi weniweni. Iye ankafuna kuti aziyamba ayeserera kaye ndi anthu a zisudzo. Komiti ikakana lero, idzakumananso iye atamaliza kale maphunziro, nkhaniyo n'kufera pomwepo.

Mphenzi anali atanena kale kuti chipatala si bwalo la masewero. Komabe anavomera kuonerako kamodzi.

Gulu la zisudzo linatumiza mayi wochepa thupi, wa mawu apansipansi, yemwe akuti anachita kudzipereka yekha. Asanalowe, dokotala anamulangiza kuti akangomva uthengawo adzigwetse pansi, alire mpaka akuluakuluwo agwidwe chisoni.

Awiriwo anakhala pa mipando ija. Dokotala analankhula mofatsa monga anakonzekera. Anati ayesa zonse, koma mtima wa mwanayo wasiya kugunda.

Mayiyo sanagwe. Anangoti maso pakhoma, uku akusalaza siketi yake pamaondo.

"Mwamufunditsa?" anafunsa. "Amazizidwa msanga kumapazi."

Dokotala anabwereza uthengawo, akumukodola ndi maso kuti ayambepo. Mayiyo anangogwedeza mutu n'kufunsa ngati angamulole kukamusambitsa yekha, poti mwanayo amakana manja achilendo.

Nesi wamkulu wa m'komitiyo anawerama. Koma Mphenzi anavula magalasi n'kuwaika patebulo. Anati iye wauza amayi osawerengeka uthenga ngati umenewu, ndipo mayi akataya mwana amalira mpaka alonda a kugeti kumva. Zimene aonazi, anatero, n'zopeka za anthu amene imfa amangoimva kwa anzawo, ndipo zingasocheretse ophunzira. Anawonjezera kuti ngati zisudzo zake ndi zimenezi, kuli bwino akabwereke chidole, chifukwa nachonso sichilira. Angapo anaseka pongofuna kumusangalatsa. Pempho linakanidwa.

Akuluakulu atatuluka, dokotala anatsala akubweza mipando. Ankaganiza za ophunzira atsopano, momwe adzapitirizire kuuza amayi ali chiimire pakhonde, mawu awiri atatu, kenako n'kuthawira ku bedi lina.

Mayi uja anali akadali pampando wake, chikwama chili pamiyendo. Dokotala anayesa kuugwira mtima, koma zinakanika. Anamufunsa ngati malangizo aja anali m'chilankhulo chachilendo. Anamufunsa ngati kulira pang'ono chabe n'chinthu chovuta kwa munthu wodyera zisudzo. Anamuuza mosapita m'mbali kuti wamugwetsera ntchito imene anaivutikira chaka chonse, ndipo amene adzalipire si iye dokotala ayi, koma amayi enieni.

Mayiyo anaimirira pang'onopang'ono, osakweza maso.

"Pepani adokotala, ndinayesetsa, koma misozi yakana," anatero. "Ine zisudzo sindizidziwa, kugulu kuja ndimangowasokera zovala. Ndangochita momwe ndinachitira tsiku lija adokotala aakulu a magalasi aja ankandiuza za mwana wanga. Ndimayesa andikumbukira."