Galu wa Malemu

Inali itangokwana teni koloko m'mawa, koma malata a shopu ya telala anali atayamba kale kuthetheka ndi dzuwa. Telalayo anaimitsa makina n'kusuzumira pansi pa tebulo. Panalibe galu. Batani anali kuseri, pamapazi a mpongozi wake amene ankasita malaya, akuliza mkonono ngati munthu wamkulu.

Batani anali galu wa malemu mkazi wake, kagalu ka mtundu wa pagi: miyendo ifupiifupi, mphuno yophwatalala, nkhope yamakwinya, mchira wopindikira kumsana. Mayiwo anamulera zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo atadwala anasiya malangizo ambiri okhudza galuyo kuposa okhudza mwamuna wawo. Makwinya a kumaso azipukutidwa ndi kansalu konyowa, kenako kouma, kuti asachite zilonda. Asamayende dzuwa likakwera, chifukwa mphuno yotereyi imavutika kukoka mpweya. Chakudya, kapu imodzi m'mawa ndi theka madzulo, ngakhale alire bwanji.

Telala anasunga zonsezi kwa zaka ziwiri osaphonya. Nayenso Batani, kuyambira tsiku la maliro, ankagona pafupi ndi chopondera cha makina, mutu atautsamiritsa pa nsapato ya mbuye wake.

Kenako telala anapita kukachotsedwa ng'ala m'maso onse awiri, nakhala miyezi iwiri kwa mchemwali wake pafupi ndi chipatala. Shopu ndi galu anasiyira mpongozi, poti mwana wake, mwamuna wa mpongoziyo, amayendetsa galimoto za katundu ndipo sakhalitsa pakhomo. Atabwerako ankaona bowo la singano koyamba m'zaka zinayi, koma Batani sankamufunanso. Akamuitana, galuyo ankangopendeketsa mutu n'kuthamangira kuseri. Anali atanenepa, khosi lili ngati pilo, ndipo anali atayamba mwano: kutafuna tepi yoyezera, kuba choko, kudumphira makasitomala pamaondo.

Telala sanafunse aliyense. Anangoyamba kupenya, poti maso tsopano anali nawo. Tsiku lina, pagalasi loyezera zovala, anaona mpongozi atanjuta, akunong'ona kuti, "Batani, Batani," kenako n'kutulutsa kachidutswa ka bisiketi m'thumba la epuloni. Mawa lake anamuonanso. Sabata yonse zinali zomwezo.

Mpongozi ameneyu telala anamutenga ngati mwana wobereka yekha. Anamupatsa makiyi a shopu, anamuphunzitsa kudula kolala, ntchito imene sanaphunzitsepo munthu wina. Ndiye lero akugula galu wa malemu ndi mabisiketi, akudziwa bwino lomwe kuti mafuta ndiwo amapha agalu amenewa. Kumukalipira sakanatha. Anaganiza kuti mawuwo achokere kwa munthu wodziwa za ziweto. Dokotala wa ziweto wakale anali atasamuka, choncho anaimbira watsopano osauza munthu.

Dokotalayo, mayi wamfupi wonyamula chikwama chachikulu, analowa akudzikupiza ndi kabuku. Mpongozi anasuzumira kuchokera kuseri.

"Bambo, mwaitana adokotala? Batanitu sakudwala."

"Angomuona, mayi. Inu pitirizani kusita."

Dokotala ananyamula galuyo n'kumuika pa tebulo lodulira nsalu. Anamumvetsera pachifuwa, anamuona m'maso ndi m'makutu, natambasula makwinya limodzilimodzi.

"Amene amapukuta nkhopeyi abwere adzandipukute inenso," anatero. "Yayera bwino."

"Ndine," anayankha telala.

"Koma nthiti sindikuzipeza. Akudya chiyani bwanayu?"

"Funsani kuseriko. Ine ndimayeza ndi kapu. Ena amayeza ndi thumba la epuloni."

Dokotala anaseka pang'ono. Anati agalu a mtunduwu sadziwa kukhuta, ndipo mtima wawo umatsata dzanja lililonse lonunkhira chakudya. Koma mafuta akadzaza pakhosi, njira ya mpweya yomwe ndi yopapatiza kale imachepanso. Nyengo yotentha ngati ino, ola limodzi lokha pamalo opanda mthunzi ndi lokwanira kumutaya galu.

Kuseri kunayamba kumveka fungo la nsalu yopserera. Mpongozi anali ataima pakhomo, manja ali m'munsi, simbi ataiiwala pa malaya a kasitomala. Telala anamuona, ndipo sanamve chisoni.

"Nenani momveka, adokotala, kuti tonse timve," anatero mosakweza mawu. "Uyu ndi yekhayo amene mayi a kunyumba anandisiyira. Galu wa zaka zisanu ndi zinayi angapirire kudyetsedwa chonchi?"

Dokotala anakweza milomo ya galuyo ndi chala, nayang'ana mano akutsogolo ndi akumbuyo. Anayang'ana telala, kenako anayang'ananso mano.

"Zisanu ndi zinayi? Bambo, mano awa sanatafunepo zambiri. Uyu zaka ziwiri sanakwanitse n'komwe."

"Batani anatisiya sabata yanu yoyamba kuchipatala, masana ena otentha," anatero mpongozi, maso ali pansi. "Mwana wanu ndiye anabweretsa uyu, anati tisakuuzeni. Ine ndimangomuphunzitsa dzina."

Telala anachotsa m'kamwa mwa galuyo choko chimene anali atangotola patebulopo, nachipukuta pa malaya. Kenako anakhala pamakina, anakoka thalauza la kasitomala, nayamba kupinda mwendo wachiwiri.