Gogomole, Chiswe ndi M'bawa Wotsiriza

Padangotero, mitengo itatha m'phiri lina, nyama zinakhazikitsa bungwe loteteza chilengedwe. Panatsala m'bawa umodzi waukulu wofunika mlonda, ndipo Gogomole ndi Chiswe analimbirana ntchitoyo.

Wapampando, a Njiri, anati, "Aliyense agwire sabata imodzi, tione."

Gogomole ankagogoda mtengowo tsiku lonse, kutulutsa mphutsi zimene zinkauboola. Chiswe anamata thunthu lonse ndi dothi n'kulowa m'kati, zii.

"Taonani zibowo izi!" anatero Chiswe pamsonkhano. "Ine ndaufunditsa, awa akuubaya."

"Ndikuchotsa matenda," anayankha Gogomole. "Tagogodani nokha mumve. A Chiswe akuudya m'kati."

"Phokoso lanulo latikwana," anatero a Njiri. Anamuthamangitsa, ntchito n'kupatsa Chiswe.

Mphepo ya mvula yoyamba itawomba, m'bawa unagwa uli mphako yokhayokha. Njiwa, amene anali ndi chisa mumtengomo, anapeza ana ake awiri atafa, ataphwanyidwa ndi nthambi.

Bungwe linakumana mwachangu. Linagamula kuti wolakwa ndi Gogomole, linapepesa Njiwa ndi mawu okoma, kenaka linakweza Chiswe kuti aziyang'anira nazale ya mbande zonse.

Njiwa akulirabe mpaka lero, koma kumisonkhano samuitana.